Kuchokera pa kulanga kufika pa kumvetsera

Mneni woti kulanga masiku ano ndi woopsa m'makutu. Mwana akalangidwa kusukulu timaganiza za chikwapu kapena kukumba dzenje, ndipo mawu oti chilango timawamva kukhoti. Koma m'midzi yozungulira phiri la Chongoni, kuyambira cha ku Linthipe mpaka kuyandikira boma la Dedza, amayi achikulire amanenabe kuti mtsikana akatha msinkhu amalangidwa, chonsecho palibe mlandu umene wapalamula. Kumulanga kwake ndi kumukhazika pansi n'kumuuza mwambo: za thupi lake, za ulemu kwa akuluakulu, za banja, za pamaliro. Tsinde ndi limodzi, koma likatenga chi- limabala chilango chowawa chija, likatenga ma- limabala malango, mawu amene munthu amalowa nawo mu ukulu. Makolo sanaone chifukwa cholekanitsira ziwirizi, pakuti kwa iwo kuwongola munthu kunali ntchito imodzi, kaya ichitike ndi pakamwa kaya ndi kamtengo.

Tanthauzo lakale kuposa awiriwa timalipeza tikadutsa malire. M'Chibemba ukulanga ndi kuonetsa, ndipo m'Chinyanja cha ku Lusaka munthu wosochera amapempha kuti amulangize njira, kutanthauza kuti amulozere. Choncho pansi pa kukhaulitsa pali kuphunzitsa, ndipo pansi pa kuphunzitsa pali kuloza chinthu ndi chala kuti mnzako achione yekha. Mapanga a ku Chongoni amachitira umboni zimenezi. Bungwe la UNESCO linaika dera limeneli m'kaundula wa chuma cha dziko lonse lapansi mu 2006 chifukwa cha malo 127 okhala ndi zojambula za pamiyala. Zofiira, za mizeremizere ndi zozungulira, zinasiyidwa ndi Akafula, alenje amene Achewa anawapeza. Zoyera ndi za Achewa eniake. Mukafika pa Chentcherere n'kuyandikira thanthwe, mumaona kuti zoyerazo anazipaka ndi chala, dothi lake lokhuthala, ndipo zambiri ndi tinyama totambalala miyendo inayi ngati tikuonedwa kuchokera pamwamba, tina ta madonthomadontho pamsana, tina topakidwa pamwamba penipeni pa zofiira zakale. Leslie Zubieta, amene anafufuza za phanga la Mwana wa Chentcherere, anasonyeza kuti zithunzi zoterezi zinali za chinamwali cha atsikana. Namkungwi sankangolankhula. Ankaloza, namwali n'kuyang'ana, n'kusunga mumtima.

Amishoni a Dutch Reformed atakhazikika ku Nkhoma anakana chinamwali, koma posakhalitsa anaona kuti atsikana a mumpingo sangakule popanda wowauza kanthu. Ndiye anakonza chilangizo pamodzi ndi alangizi ake, mbiri imene Isabel Apawo Phiri anaifotokoza bwino m'buku lake la 1997 lonena za amayi a Chichewa mumpingo wa CCAP. Taonani ka -iz- kamene kalowa pakatipo, monga kutuma kumasandukira kutumiza. Kachotsa mbola ya chikwapu n'kusiya uphunzitsi wokhawokha. Kuyambira pamenepo mlangizi wayenda mtunda wautali: alipo wa zaulimi, wa zaumoyo, wa za mabanja. Pa Chongoni pomwepa pali malo ophunzitsira atsogoleri a mpingo otchedwa Namoni Katengeza, a Sinodi ya Nkhoma, komanso Malawi College of Forestry and Wildlife, kumene amasula anthu amene kumudzi timawatcha alangizi a zankhalango. Phiri limodzi lakhala likuona mitundu itatu ya alangizi, ndipo onsewo amafanana pa chinthu chimodzi: mlangizi ndi amene amadziwa, wolangizidwa ndi amene amamva.

Ndayamba ndi mneniyu chifukwa kwabwera ntchito ina imene ikufunafuna dzina m'chinenero chathu, ndipo anthu akumaiveka dzina la ulangizi chifukwa ndi limene lili pafupi. Pachingerezi amati clinical psychology, ndipo chithandizo chake chachikulu amachitcha psychotherapy, kuchiza mavuto a maganizo mwa kukambirana. Pawailesi mumamva akuti katswiri wa zamaganizo, ena akuti dokotala wa maganizo. Ameneyu ndi wosiyana ndi dokotala wa matenda a muubongo, amene amayamba waphunzira udokotala wonse ndipo amalemba mankhwala. Ndi wosiyananso ndi namwino kapena kiliniko ofesala amene anawonjezera maphunziro a za maganizo, monga amene amaphunzitsidwa ku sukulu ya St John of God ku Mzuzu. Wa psychology amayamba ndi digiri yoyamba, monga imene imaperekedwa ku University of Malawi ku Zomba, kenaka digiri yachiwiri imene imamuika pamaso pa odwala. Kwa zaka zambiri Mmalawi wofuna digiri yachiwiriyi ankawoloka malire. Pulofesa Chiwoza Bandawe, amene waphunzitsa madokotala kwa nthawi yaitali ku College of Medicine ku Blantyre, sukulu imene mu 2021 inalumikizana ndi Kamuzu College of Nursing kupanga Kamuzu University of Health Sciences, anakaphunzira ku University of Cape Town. Ku South Africa wophunzira akatha za m'kalasi amakhala chaka chathunthu m'chipatala akuona odwala pansi pa katswiri womuyang'anira, kenaka chaka china chotumikira m'zipatala za boma. Chimene chimamuumba kwambiri ndi kuyang'aniridwako: sabata ndi sabata amakafotokoza kwa mphunzitsi wake zimene wodwala ananena, zimene iye anayankha, ndi zimene zinamuchitikira mumtima pamene ankamvetsera.

Mawu ena amene ali pafupi ndi uphungu. Phungu kale anali mkulu wokhala pambali pa mfumu, woinong'oneza nzeru pa milandu. Ndale zitabwera dzinali linapita ku Nyumba ya Malamulo, ndipo Edzi itabwera linalowa m'kachipinda koyezera magazi, kumene munthu amalandira uphungu asanamve zotsatira. Muone mneni amene timamuphatikiza: uphungu timapereka, timalandira, ngati katundu wochoka m'manja mwa wina kupita m'manja mwa wina. Apanso wodziwa ali pamwamba.

Tsono ganizirani mtsikana kapena mnyamata amene wamaliza maphunziro akewo, wakhala pa mpando m'chipatala cha boma monga cha Dedza. Walowa mayi wa zaka za m'ma 40, wavala mpango ndi juzi chifukwa cha chisanu cha Juni, wasiya nsapato zake pakhomo. Wakhala m'mphepete mwa mpando, manja pamiyendo, maso pansi. Akuti mtima ukumathamanga, mutu ukumalemera, tulo sakulipeza, ndipo panado wamwa mpaka kutopa. Akamaliza akuti, "Ndiye ndabwera kuti mundilangize, adokotala." Wophunzira uja anauzidwa mobwerezabwereza kuti ntchito yake si kuuza munthu chochita. Akangokhala chete n'kumagwedeza mutu, mayiyo apita kwawo akudandaula kuti sanathandizidwe, ndipo sabweranso. Akayamba kulalikira, waphonya chimene chabweretsa mayiyo, chimene mwina ndi mwana amene anapita ku Joni n'kusiya kuimba foni, kapena ngongole ya kubanki m'khonde. Njira yapakati ilipo, ndipo ndikuiona m'tanthauzo lakale lija la kulanga: kuloza kuti munthu aone yekha. Angathe kumufunsa mayiyo kuti mtima umayamba kuthamanga nthawi yanji, akakhala ndi yani, akakumbukira chiyani, mpaka mwini wake atatchula chinthucho ndi pakamwa pake.

Maphunziro amene amakonzekeretsa munthu kusankha chochita pa nthawi ngati imeneyi ndi amene Azungu amawatcha integrative. Mbiri yake ndi ya mikangano. Otsatira Sigmund Freud ankati vuto limabisala m'zimene munthu anakwirira ali mwana. Ena ankati zimenezo n'zosaoneka, tisinthe khalidwe looneka. Carl Rogers mu 1957 analemba kuti chochiritsa ndi mmene wothandiza amamulandirira munthu mopanda kumuweruza. Aaron Beck anati tiwongole kaganizidwe kokhota kamene kamabala chisoni. Enanso anati wodwala ndi banja lonse. Gulu lililonse linali ndi sukulu zake, ndipo wophunzira ankatuluka ali wa mpingo umodzi. Koma kale mu 1936 Saul Rosenzweig anali atanena kuti njira zosiyanazi zikuchiza mofanana chifukwa cha zinthu zimene zonse zili nazo. Jerome Frank, m'buku lake la 1961 lotchedwa Persuasion and Healing, anaika pamodzi madokotala a maganizo, asing'anga ndi ochiritsa a m'zipembedzo, n'kupeza kuti onse amadalira ubale wokhulupirirana, malo odziwika kuti ndi ochizira, kufotokoza kumene wodwala akukuvomereza kwa gwero la vuto lake, ndi mwambo woti awiriwo achitire limodzi. Pofika 1983 akatswiri ofuna kuyanjanitsa njirazi anali atakhazikitsa bungwe lawo.

Nanga integrative ameneyu timutcha chiyani? Mneni woyamba kubwera pakamwa ndi kusakaniza, koma ine ndimamukana. Chosakanizidwa chimataya nkhope yake, ndipo sitilephera kumva kuti ali pafupi ndi kusokoneza. Wophunzira amene wangotola pang'ono kwa Freud, pang'ono kwa Beck, pang'ono kwa abusa, osadziwa chifukwa chake, ndi woopsa kwa wodwala. Kuphatikiza kuli bwinoko. Kumachokera ku kuphatika, kumata chinthu pa chinzake, ndipo n'chifukwa chake m'kalasi la Chichewa timatcha chi- ndi ma- aja kuti aphatikiri. Koma chophatikidwa chimatha kumatuka, ndipo chimaonekabe kuti ndi chobwera. Kulumikiza kuli ndi mano mkati mwake, pakuti muzu wake ndi kuluma: mbali ziwiri zimalumana n'kugwirana zolimba. Komabe mneni amene amandikhutiritsa ndi wa alimi a zipatso ndi a kunazale, kumezanitsa. Mlimi amadula kamtengo ka mango achikuda kamene kamera bwino m'nthaka ya kwawo, amang'amba tsinde pang'ono, amasongola kanthambi ka mango a mtundu wina, amakalowetsa mumng'aluwo kuti makungwa akhudzane, n'kumanga ndi kapulasitiki. Pakapita masabata angapo kanthambiko kaphuka, ndipo madzi a m'mizu yakale akuyenda m'masamba atsopano. Mawuwo akunena zonse: kumeza, kumezana, kumezanitsa, kuchititsa kuti ziwiri zimezane mpaka zikhale mtengo umodzi. Mwa njira zoyanjanitsira zimene amaphunzitsa kunjako ilipo yofanana ndi imeneyi, imene Stanley Messer anaifotokoza: uzike mizu m'njira imodzi, uidziwe bwinobwino, kenaka uzilandira za kwina mosamala.

Funso limene maphunziro a kuno ayenera kuyankha ndi lakuti tsinde ndi liti ndipo kanthambi ndi kati. Kawirikawiri timatenga mabuku a ku America ngati tsinde, chikhalidwe chathu n'kukhala mutu umodzi wa kumapeto kwa silabasi. Bandawe, m'buku lake la 2010 lotchedwa Practical uMunthu Psychology, anatembenuza zimenezi n'kuyambira pa umunthu. Ndikugwirizana naye, ndipo chifukwa changa ndi cha m'chinenero. Wodwala sabwera ndi Chingerezi. Amabwera ndi mawu amene anayamwira, ndipo mawuwo anasenza kale maganizo ake pa za chimene kudwala kuli ndi chimene kuchira kuli.

Tengani kuchira ndi kuchiza. Aneni athu ambiri othera ndi -ra amasintha r kukhala z pofuna kunena kuti wina wachititsa: kulira ndi kuliza, kukwera ndi kukweza, kubwera ndi kubweza. Kuchiza ndi msintho wotero wa kuchira. Mneni woyambirira ndi wa wodwala, ndiye amachira. Wochiza amangochititsa, monga woliza ng'oma sakhala ng'omayo. Kuchiritsa, kumene timakumva kwambiri m'matchalitchi, ndi msintho womwewo wovala -its-. Palinso kupola, kumene timanena za chilonda ndi za phala lomwe, ndipo abale ake akupezeka kutali: kupora m'Chishona, ukuphola m'Chizulu, kupoa m'Chiswahili. Anthu a zinenero zonsezi anamva kudwala ngati kutentha ndi kuchira ngati kuzizira. Miyambo ya mdulo ndi tsempho, imene imagawa anthu kukhala otentha ndi ozizira, inamera pa ganizo lomweli, ndipo mpaka lero wokwiya timati wapsa mtima, womutonthoza timati akumuziziritsa mtima.

Mawu achigiriki amene anabala therapy ankatanthauza kutumikira ndi kusamalira wodwala, ndipo clinical anachokera ku liwu lawo la bedi. Ife tili ndi mneni wogwira zonsezi pamodzi, kudwazika. Kudwala ndi kwa mmodzi, kudwazika ndi kwa amene amakhala pamphasa pambali pake, kumuphikira phala, kumutembenuza, kumuchezetsa usiku. Ndipo tamverani mmene timagwiritsira ntchito liwu loti matenda. Timati tikukaona matenda, kapena matenda agona bwanji, tikunena munthu. Timati tili ndi matenda pakhomo, ngati kuti nthendayo yagwira nyumba yonse. M'zipatala zathu wodwala aliyense amabwera ndi gadiyani wake. Pakati pa Achewa a ku Dedza, kumene mwana ndi wa kuchikazi, nkhani yaikulu siitha popanda mwinimbumba, ndipo ya banja siitha popanda ankhoswe. Wophunzira amene anazolowetsedwa kuti chithandizo ndi anthu awiri m'chipinda chotseka ayenera kuphunziranso nthawi yoitana amalume, ndi nthawi yowasiya panja, chifukwa nthawi zina amene akumudwalitsa munthuyo ndi omwewo amuperekeza. Chinsinsi cha wodwala ndi lamulo la ntchitoyi, ndipo kuchisunga pamudzi pamene aliyense ndi mbale ndi luso lofunika kuliphunzitsa mwapadera.

Liwu loti sing'anga nalo lili ndi zigawo. Ng'anga ndi muzu wakalekale wa zinenero za Chibantu: Atumbuka amati ng'anga, Ashona n'anga, Aswahili mganga, Azulu inyanga. Si- wakutsogoloyo amafanana ndi amene timamumva m'mayina a ku Chitipa, kumene mwamuna ndi Simwaka ndipo mlongo wake ndi Namwaka, ndipo na- wachikaziyo ndi amene ali mwa namkungwi ndi namwali. Omasulira Buku Lopatulika, William Murray ndi anzake, sanaone vuto kutcha Luka sing'anga, pakuti nthawi imeneyo liwuli linkakwanira wochiza aliyense. Dokotala atabwera ndi jekeseni, sing'anga anatsala ndi zitsamba ndi maula. Koma odwala sanagawike choncho. Malcolm MacLachlan ndi anzake, amene anafunsa odwala a ku Zomba Mental Hospital m'zaka za m'ma 1990, anapeza kuti ambiri ankaloza ku zifukwa za chikhalidwe monga kulodzedwa ngakhale anali m'chipatala cha Chizungu. Munthu yemweyo amamwa mapiritsi m'mawa, kupita kumapemphero masana, kufukiza mankhwala usiku, osaona kutsutsana kulikonse. Wodwala wathu anayamba kale kumezanitsa, wotsalira ndi womuthandiza.

Apa ndiyenera kunena mosapsatira kuti kulemekeza zimene wodwala amakhulupirira si kuvomereza chilichonse. Mwana wa khunyu amafunika mankhwala a kuchipatala tsiku ndi tsiku. Mnyamata amene wasokonekera mutu n'kumamva mawu a anthu osaoneka sayenera kumangidwa unyolo pamtengo kwa miyezi. Ndipo kuombeza kumene kumathera pa kuloza chala agogo kuti ndi mfiti kwaphetsa okalamba m'dziko muno, ngakhale lamulo la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti. Maphunziro abwino amapatsa wophunzira maso osiyanitsira mwambo wotonthoza ndi mwambo wopweteka. Vimbuza ya Atumbuka, imene UNESCO inaizindikira mu 2005 pamodzi ndi Gule Wamkulu, imapatsa wovutika bwalo, ng'oma ndi anthu omuimbira, ndipo zinthu zinayi za Frank zija zonse zilimo. Kutema mphini munthu amene ali ndi malungo a muubongo n'kumuchedwetsa kuchipatala ndi nkhani ina.

Tibwere ku mtima. Azungu anaika ntchito yonseyi pa liwu lachigiriki la mpweya kapena mzimu, kenaka n'kuisamutsira m'mutu. Ife zambiri timazisunga m'chifuwa. Timataya mtima, timalimba mtima, timasweka mtima, timakhazika mtima pansi. Mtima umakhala m'mwamba, umawawa, umauma, ndipo chikumbumtima ndi mtima umene ukukumbutsa mwini wake. Ndiye mayi uja akati mtima ukuwawa, wophunzira asathamangire kuganiza za nthenda ya mtima yokha, komanso asathamangire kuitaya, popeza BP ndi yofala ndipo iyenera kuyezedwa. Maganizo nawo ali ndi nkhope ziwiri. Ganizo limodzi ndi nzeru yopereka pamsonkhano, koma tikati uje ali ndi maganizo, kapena anamwalira ndi maganizo, kuchulukako kwasanduka nthenda. Atumbuka amabwereza tsinde, kughanaghana, monga ife timati kuganizaganiza. Ashona amati kufungisisa, kuganiza mopitirira, ndipo liwu limeneli linalowa m'buku lalikulu la madokotala a maganizo a ku America la DSM-5 mu 2013. Dokotala Dixon Chibanda wa ku Harare anamanga pa liwu lomweli njira yotchedwa Friendship Bench, imene inayambira ku Mbare: agogo aakazi ophunzitsidwa amakhala pa benchi panja pa chipatala n'kuthandiza munthu kutchula mavuto ake, kusankha limodzi, ndi kupeza chochita. Zotsatira za kafukufuku wake zinasindikizidwa m'magazini ya JAMA mu 2016, ndipo njirayi yayesedwanso m'zipatala zina kuno ku Malawi. Njira yothetsera mavuto inachokera kunja, mawu ndi agogowo ndi a komweko.

Pofuna dzina la nthenda imene Azungu amati depression, a zaumoyo ndi a pawailesi, monga a pulogalamu ya achinyamata ya Nkhawa Njee, akhala akunena kuti matenda okhumudwa. Liwuli ndi loyenera kuliyang'anitsitsa. Mathero a -dwa amasonyeza kuchitidwa kwa aneni othera ndi -la: kubala kumapereka kubadwa, kukola kumapereka kukodwa. Kukhumudwa poyamba kunali kwa phazi limene lagunda mwala kapena chitsa panjira, ndipo chokhumudwitsa cha m'Baibulo ndi chopunthwitsa chimenecho. Chithunzicho n'chabwino, chifukwa chimanena kuti munthu anali kuyenda, china chake chamugunda, ndipo si kufooka kwa khalidwe lake. Vuto lake n'lakuti m'kulankhula kwa tsiku ndi tsiku liwuli lapepuka. Timakhumudwa timu yathu ikagonja, timakhumudwa mnzathu akachedwa. Bambo amene wakhala miyezi itatu osasamba, osapita kumunda wa mbatatesi, akulakalaka imfa, ukamuuza kuti ali ndi matenda okhumudwa, abale ake angayankhe kuti aliyense amakhumudwa, alimbe mtima basi. Choncho dzinali lokha silikwanira. Wothandiza ayenera kufunsa za tulo, za chakudya, za mphamvu, ndiponso mosazungulira za maganizo ofuna kudzipha.

Za misala ndinena mwachidule, pakuti liwuli lavulaza anthu okwanira. Limangokhala lochuluka nthawi zonse, ndipo wa- akaphatikidwa, munthu yense amamezedwa: salinso Naphiri kapena aChisale, ndi wamisala. Aswahili amati wazimu, liwu la muzu umodzi ndi mzimu. Kwathu kuno mantha a liwuli anakulitsidwa ndi mbiri. Malo oyamba osungira odwala otere anatsegulidwa mu 1910 ngati mbali ya ndende ya Zomba, ndipo chipatala chenicheni chinadza mu 1953. Kulanga kwa chikwapu ndi kuchiza zinayambira pakhomo limodzi. Mpaka lero dzina la mzinda wokongolawo limagwiritsidwa ntchito poopseza ndi ponyoza, ndipo munthu wa ku Dedza akauzidwa kuti akaonane ndi wa zamaganizo amayamba wafunsa ngati akumuyesa wopenga.

Mneni amene ndikanakonda kuti akhale pakati pa maphunziro onsewa ndi waufupi kwambiri, kumva. Timamva mawu, timamva fungo, timamva kuwawa, timamva njala, timamva chisoni, timamva Chichewa. Khutu, mphuno, khungu, mtima ndi nzeru zonse zili m'mneni mmodzi. Nthenda nayo imamva mankhwala kapena kusamva. Tikamusintha amabala banja lonse. Kumvera ndi kwa mwana pamaso pa kholo, ndipo ndi kumene mlangizi wakale ankayembekeza. Kumvetsa ndi kugwira tanthauzo, kumvetsetsa ndi kuligwira mpaka pansi. Kumvana ndi pamene awiri agwirizana, ndipo kafukufuku wa zaka zambiri wasonyeza kuti kumvana kwa wothandiza ndi wodwala ndi chimodzi mwa zinthu zolosera bwino ngati chithandizo chiphule kanthu, kaya njira yake ndi ya Beck kaya ya Rogers. Pakati pa onsewa pali kumvetsera, kutchera khutu mwadala ndi kulisiya lili chitcherere. M'chilangizo womvetsera ndi wamng'ono. M'ntchito yatsopanoyi mipando yatembenuka, wophunzira kwambiri ndiye amamvetsera, ndipo kwa munthu amene wakhala zaka zambiri pasukulu akuyamikiridwa chifukwa choyankha msanga, limeneli ndi phunziro lovuta kuposa onse.

Womvetseredwa bwino amamasuka. Liwu lachigiriki limene lili mu psychoanalysis ya Freud limatanthauza kumasula chomangika, ndipo ife timamasula mfundo ya chingwe, timamasula wam'ndende, timamasulira maloto ndi chinenero. Munthu akamasuka amanena zakukhosi, ndipo akatha amati kukhosi kwayera. Palibe buku lochokera kunja limene lingamuphunzitse wophunzira kuzindikira nthawi imene mayi wa ku Linthipe wasiya kuyankha mwaulemu chabe n'kuyamba kunena zakukhosi. Zimamveka m'mawu ake, pamene "kaya" ndi "zili bwino" zatha, n'kubwera "kunena zoona, adokotala".

Pempho langa likupita kwa amene amakonza maphunzirowa ku Blantyre, ku Zomba ndi ku Mzuzu. Wophunzira amawerenga m'Chingerezi, amalemba mayeso m'Chingerezi, amafotokozera womuyang'anira m'Chingerezi, koma odwala ake ambiri adzalankhula Chichewa, Chitumbuka kapena Chiyao. Pomasulira zokambiranazo kuti mphunzitsi amve, mtima uja umasanduka mood, ndipo chimene wodwala ananena chimatayika panjira. Lolani kuti kuyang'anira kwina kuzichitika m'chinenero chimene wodwala analankhula. Tumizani ophunzira kuzipatala za m'maboma monga Dedza, akakhale miyezi, akacheze ndi anamkungwi, ankhoswe, abusa, mashehe ndi asing'anga a m'deralo kuti adziwe kumene odwala awo amayambira. Ndipo munthu asapatsidwe digiri yochiza mwa kukambirana asanaonetse pamaso pa omuyesa kuti angathe kukambirana ndi wodwala kwa ola lathunthu m'chinenero cha wodwalayo.